Wophika Akagwira Cholembera

Pa anthu onse amene amalankhula za kunenepa ndi kuchepetsa thupi, amene mawu ake samveka kwenikweni ndi munthu wogwira mthiko. Dokotala amayeza, n'kunena kuti thupi lachuluka. Wogulitsa tiyi wazitsamba amalonjeza kuti mimba iphwa pa sabata ziwiri. Koma dzuwa likapendeka, amene amasankha kuchuluka kwa mafuta olowa mumphika, kukula kwa mitanda, ndiponso ngati masamba akhale ndiwo yeniyeni kapena kachidutswa kongokongoletsa mbale, ndi wophika wa pakhomo. Mutu uno ukunena za ophika amene, atatopa ndi kulemera kwa matupi awo, anayamba kulemba zimene amaphika ndi kudya, kenaka n'kumauzako ena. Anthu ambiri amaganiza kuti amachita zimenezi pofuna kutchuka kapena kudzionetsera. Zifukwa zawo zenizeni n'zakuya kuposa pamenepo, ndipo zikutikhudza.

Mu 1961, mumzinda wa New York, kudera lotchedwa Queens, kunali mayi wina wa pakhomo, wa ana awiri, dzina lawo Jean Nidetch. Ankalemera makilogalamu 97. Tsiku lina akugula zakudya m'sitolo anakumana ndi munthu wodziwana naye, amene anawayamikira kuti akuoneka bwino, n'kuwafunsa kuti mwana abadwa liti. Mayi Nidetch sanali oyembekezera. Funsolo linawalasa mtima moti anakalembetsa kuchipatala chaulere cha anthu onenepa chimene nthambi ya zaumoyo ya mzindawo inkayendetsa. Kumeneko anawapatsa ndondomeko ya kadyedwe, ndipo thupi linayambadi kutsika. Koma panali chinthu chimene sankatha kuuza aliyense kuchipatalako: usiku, anthu onse atagona, ankadya mabisiketi amene ankawabisa m'dengu la zovala zakuda.

Chimene anachita pofuna kuthana ndi chinsinsichi n'chimene dziko likuwakumbukira nacho. Anaitana anzawo asanu ndi mmodzi, onse onenepa, kunyumba kwawo, n'kuulula za mabisiketi aja. Anzawowo sanadabwe. Aliyense anali ndi chake chobisa. Anagwirizana zomakumana sabata iliyonse, ndipo pasanathe miyezi yambiri amayi obwera anafika 40. Pofika mu October 1962 Mayi Nidetch anali atataya makilogalamu pafupifupi 33, ndipo mu 1963 kagulu kaja kanalembetsedwa ngati kampani ya Weight Watchers. Mu 1966 anatulutsa buku la kaphikidwe. Kampaniyo inakula mpaka kugulidwa ndi kampani ina yotchedwa Heinz mu 1978, ndipo pamenepo nkhani inasanduka ya malonda, imene si ya mutu uno. Chofunika kwa ife ndi chiyambi chake. Ndondomeko ya kadyedwe anali nayo kale kuchokera kuchipatala. Chimene chinkasowa chinali malo onenerako chilungamo. Mayi Nidetch anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 91.

Zaka 100 iwo asanayambe, bambo wina wa ku London, William Banting, yemwe ntchito yake inali yokonza maliro, anachita zofananako. Ananenepa moti sankatha kuwerama kuti amange nsapato, ndipo potsika masitepe ankayenda chafutambuyo kuti maondo asapweteke. Dokotala atamuuza kuti asiye shuga, buledi, batala, mowa ndi mbatatesi, thupi linatsika, ndipo mu 1863 anasindikiza kabuku ndi ndalama zake n'kumagawira anthu. Amene anakhalako ku South Africa adziwa kuti dzina la bamboyu likumvekabe kumeneko pa nkhani za kadyedwe. Kadyedwe kake akatswiri amatsutsana nako mpaka lero, koma mtima umene unamulembetsa ndi womwewo: ndinavutika, ndapeza mpumulo, sindingakhale chete.

Kulemba kumayamba ngati njira yodzigwira wekha. Munthu ukamufunsa madzulo kuti wadya chiyani lero, amayankha moona mtima kuti anamwa tiyi m'mawa, nsima masana, nsima madzulo. Sakunama. Koma tsatirani wophika tsiku lonse muone. Pokazinga anyezi walawa kawiri. Mwana wasiya phala, iye wamalizitsa poopa kutaya. Podikira minibasi wagula mandasi awiri. Masana waomola nsima, wapakulira aliyense, kenaka watsala ndi mphika n'kumakokota nkhoko ataima. Mlendo wabwera, ndipo sungamupatse chakumwa iwe n'kukhala manja lende. Zonsezi mutu suzisunga ngati chakudya, chifukwa sizinadyedwe munthu atakhala pansi ndi kusamba m'manja. Pepala limazisunga. Mu 2008 ofufuza a bungwe la zaumoyo la Kaiser Permanente ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu pafupifupi 1,700 amene ankafuna kuchepetsa thupi. Amene ankalemba zimene adya tsiku lililonse anataya kulemera kowirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sankalemba. Panalibe mankhwala. Munthu akadziwa kuti ndasi lachitatu lilembedwa, dzanja limayamba lazengereza.

Wophika akayamba kulemba amakumana ndi vuto lina limene odya chabe salidziwa: sadziwa muyeso wa zimene amathira. Ife timaphika ndi dzanja ndi diso. Funsani mayi aliyense wodziwa kuphika kuti mafuta amathira ochuluka bwanji, akuuzani kuti okwanira. Luso limeneli ndi lenileni ndipo sindikulipeputsa. Koma dzanja lomwelo linaphunzira ntchito mafuta ali osowa, ogula pang'ono m'kapepala, ndipo tsopano likupendeketsa botolo la malita awiri. Kuti alembe, wophika amakakamizika kutsanulira mafutawo mu supuni asanawathire mumphika, ndipo ambiri amadzidzimuka pamenepo. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi pafupifupi 4. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120. Mphika wa mpiru umene walowa masupuni asanu wanyamula makalori 600 amene palibe akuwaona, ndipo odya amadzuka akunena kuti lero tangodya zamasamba.

Shuga naye n'chimodzimodzi. Supuni yaing'ono imanyamula magalamu pafupifupi 4. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, omwe kwa wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo limati ndi bwino koposa kutsika kufika pa 25. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatuatatu afika kale pa 24, dzuwa lisanakwere. Zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100 aliwonse, choncho kabotolo kamodzi kamaposa masupuni asanu ndi awiri. Thobwa lathu, limene timalidalira kuti ndi lachilengedwe, likathiridwa shuga mosaumira limalowa m'gulu lomwelo. Mchere, WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale mu buledi, mu usipa wouma ndi m'timibulu tokometsera ndiwo.

Wina angafunse kuti nkhani ya kuchepetsa thupi ikutikhudza bwanji m'dziko limene njala imabwera chaka ndi chaka. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office inachita m'Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kupitirira muyeso, ndipo m'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu aliwonse. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mavuto awiriwa sakhala m'midzi yosiyana. Nthawi zina amagona m'nyumba imodzi, kudya mumphika umodzi: mayi wonenepa, mwana wosakula bwino. Chifukwa chake n'chakuti chakudya chotchipa chimene chimakhutitsa msanga, nsima yambiri ya ufa woyera, tiyi wa shuga, tchipisi cha pachiwaya, chimapatsa mphamvu zochuluka koma zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda zochepa. Wamkulu wokhala pansi tsiku lonse pa benchi yogulitsira amasunga mphamvuzo ngati mafuta. Mwana amakhuta koma osakula.

Komanso tisabise, kwathu kuno kunenepa kuli ndi ulemu. Mkazi akakwatiwa n'kunenepa, abale amati bambo akusamala. Mwamuna akatulutsa mimba, ndiye kuti zake zikuyenda. Ndipo amene anaona zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga anthu mankhwala otalikitsa moyo asanafike, akudziwa chimene kuonda kunkatanthauza pamudzi. Mantha amenewo sanatheretu. Mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo achepetse thupi, akataya makilogalamu asanu amayamba kulandira mafunso: "Amake mwana, kodi muli bwinobwino? Bwanji mwatha chonchi?" Ena safunsa, amangonong'onezana. Ambiri amabwerera m'mbuyo pa chifukwa chimenechi, osati chifukwa cha njala. Apa m'pamene kulankhula poyera kumagwira ntchito yoposa kuwerenga makalori. Wophika amene wanena yekha pagulu la amayi kutchalitchi, kapena pa banki m'khonde, kuti ndikuchepetsa thupi dala chifukwa cha shuga ndipo ndikuphika motere, watseka pakamwa pa amiseche, ndipo watsegulira njira mnzake amene ankaopa.

Pali chifukwa china chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse. Malangizo ambiri a kadyedwe amene amafika kwa ife analembedwera makhitchini a kwina. Amatchula nsomba za m'nyanja zamchere, mafuta a olivi, zipatso zimene pamsika wa Limbe kapena wa Lizulu simungazipeze, ndipo mukazipeza m'sitolo zazikulu mtengo wake ndi wa ndiwo za sabata yonse. Munthu akawerenga zotere amaganiza kuti kudya bwino ndi kwa olemera, n'kusiya. Chonsecho bonongwe akumera yekha kuseri kwa nyumba. Chisoso, luni, nkhwani, khwanya, chigwada, therere, zonsezi ndi masamba amene katswiri aliyense wa kadyedwe angawavomereze ndi manja awiri. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimakhutitsa nthawi yaitali ndipo zimamanga thupi. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Chiphunzitsocho n'chabwino, koma chimathera pa chithunzi cha pakhoma la sikelo ya ana. Amene angachisandutse chakudya cha Lachiwiri madzulo, ndi ndalama zimene zilipo, pa mbaula imodzi, ndi wophika yekha. Akapanda kulemba iyeyo, palibe wina adzalembe.

Taonani mmene wophika wotere amaganizira pa mphika umodzi wa nkhwani. Akudziwa kuti akakazinga ndi mafuta ambiri anthu adya mokondwa, koma iye sakufuna mafutawo. Akawiritsa chabe ndi mchere, bambo afunsa ngati m'nyumba muno mwagwa maliro. Ndiye amasadzula nkhwani zake, kuziduladula, kuziika m'madzi ochepa owira kale pamodzi ndi tomato wambiri wakupsa, n'kutendera ndi nsinjiro zodzaza dzanja limodzi, osathiranso mafuta. Soda amamusiya, chifukwa ngakhale amafewetsa masamba msanga, amawononga ena mwa mavitamini ake. Amaphula masamba akadali obiriwira. Nsinjiro nazo zili ndi mafuta ambiri, iye akudziwa, koma zimabwera ndi zomanga thupi zimene mwana wake wa zaka zitatu akufunika, choncho popakula amamuikira mwanayo thendo lochuluka, iye n'kudzaza theka la mbale yake ndi masamba, n'kutenga mtanda umodzi m'malo mwa itatu. Mphika ndi umodzi, koma wadyetsa matupi awiri ofuna zosiyana. Nzeru imeneyi simungaipeze m'buku lochokera kunja, ndipo ndi yoyenera kulembedwa ndi muyeso wake, kuti wina ku Mchinji kapena ku Chipata aiyesere.

Pa nsima pamafunika kunena zoona, chifukwa pali mabodza mbali zonse. Ena amati ofuna kuchepetsa thupi aisiyiretu. Malangizo otere satha mwezi m'nyumba ya Mmalawi, ndipo wowatsatira amadzapezeka akudya buledi ndi zotsekemera kuti atseke dzenje. Ena amati ukangosintha kupita ku mgaiwa basi wathana nazo. Mgaiwa ndi wabwinodi kuposa ufa woyera, chifukwa pokonola ndi kuviika mphale timataya gaga ndi kamtima ka chimanga, mmene muli zothandiza kugaya chakudya m'mimba, mavitamini ndi mafuta ake achilengedwe. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba. Koma mphamvu zake sizisiyana kwenikweni ndi za ufa woyera, ndipo mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi basi. Chimene chimasintha thupi ndi chipande: kukula kwake ndi maulendo amene chalowa mumphika. Alimi amene amagwira khasu kuyambira mbandakucha amawotcha nsima yonseyo. Wa mu ofesi amene amadya mofanana ndi mlimi ndiye amene thupi limamuchulukira.

Kulembera ena kumathandizanso pa nthawi imene munthu wagwa mphwayi. Kuchepetsa thupi kumayenda msanga miyezi yoyamba, kenaka kumaima, chifukwa thupi likachepa limagwiritsanso ntchito mphamvu zochepa, ndipo njala imakula. Anthu ambiri amene ataya thupi amadzabwezeretsa gawo lina m'zaka zotsatira. Izi si ulesi, ndi mmene thupi limadzitetezera. Amene ali yekha akafika pamenepa amati zakanika. Amene ali ndi anzake omudikira kuti awauze zimene waphika sabata ino amakhala ndi chomudzutsa, pajatu mutu umodzi susenza denga. Ndipo wolemba woona mtima amalemba ndi sabata zoipa zomwe, za ukwati ndi zinkhoswe, za Khirisimasi, za maliro kumene munthu sungasankhe chakudya. Owerenga amaphunzira zambiri pa kubwerera kwake mumsewu kuposa pa zithunzi za mbale zokongola.

Sikuti pamafunika kusintha kwakukulu kuti phindu lioneke. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala matenda a shuga. Gulu lina linapatsidwa cholinga chotaya magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda ndawala kapena kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. M'gulu limeneli odwala shuga anachepa ndi 58 peresenti, kuposa gulu limene linapatsidwa mankhwala a metformin, mmene anachepa ndi 31 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, magawo 7 amenewo ndi makilogalamu 6 okha ndi pang'ono. Sadzaoneka ngati mtsikana wa pa chikuto cha magazini, ndipo palibe chifukwa choti aoneke choncho. Maondo ake, mtima wake ndi magazi ake ndi zimene zidzamve kusiyana.

Achipatala poyeza amagawa kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Zikafika pa 25 amati thupi lapitirira, pa 30 amati ndi kunenepa kodetsa nkhawa. Kwa munthu wamtali mamita 1.60, malire amenewo ali pa makilogalamu 64 ndi 77. Wopanda sikelo atenge chingwe, achiyeze kutalika kwake kuyambira kumutu mpaka kuphazi, achipinde pakati, n'kuchizunguliza pamimba chapamchombo. Chikakana kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Koma wophika amene wayamba kuuza ena adziwe polekezera, chifukwa anthu akayamba kukukhulupirira amakufunsa ndi za mankhwala zomwe. Ndimadana kwambiri ndi malonda a timabotolo ndi matiyi ochepetsa thupi amene adzaza m'matauni mwathu. Ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, munthu n'kutaya madzi, sikelo n'kutsika masiku awiri, ndalama zitapita. Wophika amene wayamba kugulitsa zotere wataya chinthu chokhacho chimene anali nacho, chomwe ndi kunena zimene waziyesa yekha mumphika mwake. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana amene akukula si anthu owachepetsera chakudya popanda uphungu wa achipatala. Wodwala shuga amene akumwa mankhwala kapena kubaya insulini akachepetsa chakudya mwadzidzidzi shuga angatsike mpaka kukomoka, choncho ayambe wakambirana ndi adokotala. Ena amene ali pa ma ARV, makamaka a dolutegravir amene anayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri m'Malawi mu 2019, amaona thupi likukwera. Yankho lake ndi kukonza mbale ndi kukafotokoza kuchipatala, osati kusiya mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ndipo thupi limene likutsika lokha, munthu asanasinthe kadyedwe, si chinthu chokondwerera: chifuwa chachikulu, shuga, HIV ndi khansa zonse zimaondetsa, ndipo wotere apite akayezetse.

Inu amene mumaphikira banja, ngati nkhaniyi yakukhudzani, simukufunika zida zodula. Gulani kope la ana asukulu, mulimangirire pensulo, muliike pafupi ndi pamene pamakhala mchere. Sabata yoyamba musasinthe chilichonse, muzingolemba zonse, zolawa ndi nkhoko zomwe, ndipo mafuta ndi shuga muziyamba mwayeza ndi supuni. Sabata yachiwiri sankhani chinthu chimodzi chokha choti muchepetse. Ndiwo imene yatuluka bwino ndi mafuta ochepa, ana n'kupempha ina, ilembeni ndi miyeso yake yonse, ndipo mukakumana ndi anzanu Lachinayi kumpingo kapena pa chitsime, muwawerengere.